Njinga tinaikonza, mwini wake anasiya sukulu

M'kabati mwanga muli kope lachikuto chofiira lomwe akazi anga ayesa kangapo kuyatsira mbaula, ine n'kulilanditsa. Pa tsamba 7 pali mawu awiri amene ndinalemba ndi dzanja langa mu Okutobala 2022: "Mlandu watha." Ndinawadulira mzere kunsi, monga timachitira aphunzitsi ntchito ikatikomera. Patapita masabata atatu ndinabwerera pa tsamba lomwelo n'kuwafufuta ndi bolopeni mpaka pepala linabooka.

Nkhani ya bowo limenelo ndi imene ndikufuna kukamba. Sukulu sinditchula, ana sinditchula. Onse ali moyo, ena mumaphana nawo mapewa pa msika wa Kapata.

## Njinga ya amalume

Ndimaphunzitsa pa sukulu yoyendera kunja kwa tauni ya Chipata, ndipo poti ndimaoneka ngati woleza mtima, ahedi anandisenzetsanso za gaidensi. Chaka chimenecho ndi chija boma linachotsa malipiro a sukulu kuyambira Januwale. Ana amene anali atakhala pakhomo anabwerera mwaunyinji. Boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000, n'zoona, koma zipupa za makalasi sizinasunthe. Mu Giredi 9 yanga desiki ya ana awiri ankakhalapo anayi.

M'kalasimo munali mtsikana wofatsa, wakuthwa pa masamu, wokhala ndi ambuya ake kumudzi, ulendo wa maola awiri wapansi. Ankabwera pa njinga. Njingayo inali ya amalume ake, amene amapikula tomato m'madimba n'kukagulitsa kumsika. Pangano lawo linali lakuti mwana apite nayo m'mawa, koma ikamakwana 13 koloko ikhale itafika pakhomo kuti amalume amange madengu. Wa ku Chipata safuna kumufotokozera kuti njinga n'chiyani pakhomo. Ikagona, mphika umagonanso.

Tsiku lina pa buleki mnyamata wa m'kalasi momwemo anaitenga osapempha. Anakweza mnzake pakaliyala, ulendo wa ku tauni. Pobwerera anagwera m'ngalande, limu ya kumbuyo inapindika, masipoko anathyoka. Anaikankha n'kukaitsamiritsa pa mtengo wa mango pomwe anaipeza, kenako analowa m'kalasi ngati palibe chachitika. Mtsikana anaikoka njingayo mpaka kwawo. Anafika dzuwa litapendeka, tomato atagona pakhomo.

Mawa lake mnzake wa pakaliyala uja anaulula. Apo ndi pomwe kudziwa kwanga kunathera, ndipo ndinkaganiza kuti ndadziwa zonse.

## Atilanda ndodo

Mlandu wotere pa sukulu uli ndi njira yake yodziwika. Poyamba CP, kutanthauza kuti kaitane makolo. Kenako kukumba dzenje la zinyalala kapena kutchetcha bwalo la mpira. Zikavuta sasipenshoni, zikafika poipa transifa yokakamiza, vuto likakhale la sukulu ina.

Kale inali ndodo basi. Ine ndinakula ndi paipi ya madzi kumatako m'zaka za m'ma 1990, ndipo sindikumbukira n'chimodzi chomwe chimene ndinalakwa, ndimangokumbukira nkhope ya wondimenyayo. Mu 1999, pa mlandu wa John Banda, Khoti Lalikulu linagamula kuti chilango cha zikoti chikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2003 kukwapula m'sukulu kunathetsedwa, lamulo la maphunziro la 2011 linabwereza zomwezo, ndipo mu Ogasiti 2022, miyezi iwiri nkhani ya njinga isanachitike, Children's Code Act inasainidwa. Lamulo limeneli limaletsa kumenya mwana ngati chilango, komanso limatsegula njira yoti mwana wolakwa athandizidwe kunja kwa khoti m'malo mothamangira naye kumeneko.

Pa pepala zili bwino. M'sitafu rumu mawu ndi ena. "Atilanda ndodo, sanatipatse china." Ndawamva mawu amenewa kwa aphunzitsi abwino, osati ankhanza okha. Ndipo ndodoyo sinachoke kwenikweni, inangobisala kuseri kwa kabati.

Nthawi imeneyo ndinkachita maphunziro apamwamba a patali, aja timapita kukalasi pa holide, ndipo ndinkafuna mutu wa kafukufuku. Ndinakumana ndi chimene Azungu amachitcha restorative justice, chilungamo chokhalirana pansi kuti wolakwa akonze zimene waononga. Ndinawerenga za tauni yaing'ono ya Elmira ku Canada, kumene mu 1974 anyamata awiri ataledzera anawononga katundu pa malo 22, ndipo Mark Yantzi, amene ankayang'anira olakwa osatsekeredwa m'ndende, anapempha woweruza kuti anyamatawo akagogode khomo ndi khomo, akaonane ndi eni katundu, akalipire. Ndinawerenga za New Zealand, kumene lamulo la 1989 linati mlandu wa mwana uyambe wakambidwa pa msonkhano wa banja, nzeru imene anatengerako kwa Amaori. Ndinawerenga za Howard Zehr, amene anati tisamangofunsa kuti lamulo lathyoledwa ndi liti, walithyola ndani, alangidwe bwanji, koma tizifunsa kuti wapwetekedwa ndani, akusowa chiyani, ndipo wokonza ndani.

Ndinaseka ndekha usiku pa tebulo. Kodi si bwalo la kwathu limeneli? Ine ndinakulira ku Katete. Ndinaona ng'ombe zitadya chimanga cha mwini, anyakwawa n'kuitana mbali zonse pansi pa kachere, nduna zikufunsa, wolakwa akulipa mbuzi, pomaliza onse akusamba m'manja m'beseni limodzi. M'mutu woyamba wa kafukufuku wanga ndinalemba monyada kuti Mchewa ndi Mngoni safunika kuphunzitsidwa zimenezi, anabadwira momwemo.

Kunyada kumeneko ndi kumene kunandipunthwitsa.

## Bwalo loyamba

Ndinapempha ahedi kuti mlandu wa njinga andisiyire. Ofesi ya gaidensi kwathu ndi sitolo ya madesiki othyoka, koma ndinasesa, ndinaika mipando mozungulira monga mabuku ananenera.

Mnyamata anabwera ndi bambo ake, mkulu wa mpingo, atavala jekete m'kutentha kwa Okutobala. Kwa mtsikana tinatumiza kalata, koma sikunabwere munthu. Ambuya miyendo inali itatupa, amalume anati alibe nthawi. Ndikanaimitsa pomwepo. M'malo mwake ndinapempha mphunzitsi wamkazi kuti akhale pafupi naye, n'kunena kuti tiyeni tiyambe. Achiwiri kwa ahedi analiponso.

Bambo aja analankhula bwino kwambiri. Anati mwana wawo wawachititsa manyazi, anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, anapisa m'thumba la jekete n'kuika patebulo ndalama ya limu ndi masipoko, ndi kena kapamwamba ka tomato amene anawonongeka. Mnyamata anagwada. Analira misozi yeniyeni, sindimunamizira. Anati pepani.

Ine mtima uli m'malo, ndinatembenukira kwa mtsikana.

"Mwanawe, wamva mnzako wapepesa. Wamukhululukira?"

Anayang'ana pa simenti. "Inde aphunzitsi."

Tinaomba m'manja. Anagwirana chanza. Bambo aja anatseka ndi pemphero. Ndisanawalole kutuluka ndinawapatsa kapepala ka mafunso a kafukufuku wanga, koti asonyeze ngati akhutira ndi mmene nkhani yayendera. Mtsikana anachonga pa "ndakhutira kwambiri". Bolopeni imene anachongera inali yanga, chivindikiro chake ndinali nditachigwira m'manja, nditaimirira pambali pake.

Ndalama tinaiika mu envulopu kuti akapereke kwa amalume. Anabweranso masiku awiri. Kenako malo ake pa desiki anangotsekedwa ndi anzake atatu aja.

## Pakhonde la ambuya

Sabata yoyamba ndinati mwina malungo. Yachiwiri ndinafunsa ana a kumudzi kwawo, onse anangoti kaya, akuseka chamumtima. Yachitatu mayeso a Giredi 9 anali atayandikira, ndipo Loweruka ndinabwereka njinga yamoto kwa mnzanga.

Ndinapeza ambuya pakhonde akuswa mtedza wa mbewu, kuyembekeza mvula. Chinthu choyamba kuona chinali njinga ija, itatsamira nkhokwe, limu yatsopano ikunyezimira. Mumtima ndinati, nanga si iyo yakonzedwa?

"Odi kuno!"

"Odini. Aphunzitsi kodi? Iwe, tenga kampando."

Mtsikana anatuluka m'khitchini, anaika kampando, anagwada chapatali n'kundipatsa moni osandiyang'ana. Nditachezerana ndi ambuya za miyendo yawo ndi za kutentha, ndinayamba mwauphunzitsi. Bwanji sukubwera ku sukulu? Ukudziwa kuti mayeso atsala masiku angati? Nkhani ija si tinaimaliza?

Zii.

Ambuya anandikankhira lichero ndi phazi. "Aphunzitsi, tathandizeni kuswa. Mwafika ndi mafunso ngati apolisi."

Ndinavula chisoti, ndinayamba kuswa. Mtsikana anasendera pamphasa, nayenso anayamba. Tinakhala choncho nthawi yaitali, kumangomveka makoko. Sindinazolowere kukhala chete pamaso pa mwana wa sukulu, lilime linkandiyabwa. Mtedza utafika theka la lichero, anayamba kulankhula, maso ali pa zala zake.

Tsiku lija atafika ndi njinga yopindika, amalume anafunsa kuti wachita ndani. Iye anati sakudziwa, ndipo zinali zoona, nthawi imeneyo sankadziwa. Koma njingayo imadziwika, ili ndi nsanza yofiira pakaliyala, ndipo munthu wina wa m'mudzimo anali ataiona m'tauni, mnyamata akuipalasa. Amalume anawerengera okha: mwana akubwereketsa njinga kwa chibwenzi chake, ndipo akunama. Anamumenya ndi chubu.

Kenako kunabwera envulopu yanga. Inu a kuno mukudziwa tanthauzo lake banja la mnyamata likatumiza ndalama ku banja la mtsikana. Pofika madzulo, kuchitsime nkhani inali yakuti kwabwera ndalama ya damage. Ena ankamuyang'ana pamimba. Amalume anagula limu ndi ndalamayo, n'kunena kuti sukulu ya zibwenzi yathera pomwepa, pakhomo pano sipadzabwera mimba.

Chimene ine ndinachitcha chilungamo ndi chimene chinatsimikizira bodza lija.

"Bwanji sunanene tsiku lija m'ofesi?"

"Simunandifunse, aphunzitsi."

"Ndinakufunsa."

"Munafunsa ngati ndakhululuka."

"Ukanatha kukana."

Apa ndi pomwe anadzutsa mutu koyamba. "Pamaso pa abambo ake aja? Achiwiri kwa ahedi ali pomwepo, inu mutaimirira? Mwana amakana akulu?"

Ndinalibe poyankha. Mafunso atatu a Zehr aja ndinawaloweza, ndinawalemba m'mutu wachiwiri wa kafukufuku, ndinkatha kuwatchula ndili m'tulo. Koma m'chipinda muja sindinafunse n'limodzi lomwe. Ndinaona limu, ndinati chowonongeka ndi limu. Maso anga onse anali pa mnyamata, kuti alape, kuti asachotsedwe sukulu, kuti kafukufuku wanga akhale ndi chitsanzo chokoma. Mtsikana ndinamuitana kudzakhala mboni ya kulapa kwa mnzake.

Ndinameza malovu, n'kufunsa funso limene linachedwa ndi masabata atatu. "Nanga iweyo ukufuna chiyani?"

Sanachedwe kuyankha, kusonyeza kuti yankho anali nalo kalekale. "Abwere adzanene yekha kwa amalume kuti sindinamubwereke. Anene anthu akumva. Pepani wakeyo akhale naye."

Ambuya anapeta mtedza, makoko n'kuuluka. "Mlandu suola, aphunzitsi. Inu munangoukwirira."

## Ulendo wachiwiri

Sizinali zapafupi. Bambo a mnyamata anati tinalipira kale, tinapepesa kale, mukufuna mwana wanga akachite manyazi kawiri? Sanalakwitse kufunsa. Ndine ndinawauza kuti mlandu watha. Ndinalibe lamulo lililonse lowakakamiza, ndinangovomera kuti wolakwitsa ndine, n'kuwafotokozera zimene envulopu ija inachita. Anakhala chete, kenako anati nkhani zotere mwini wake ndi malume wa mwana, akambirana naye.

Mnyamata ndinacheza naye payekha kuseri kwa labu. Za kumenyedwa kwa mnzake sankadziwa. Nditamuuza, sanalire ngati tsiku lija. Anangofunsa kuti, "Ndi chubu?" Kenako anati apita, koma ndikhale pafupi chifukwa akuopa amalume aja.

Tinakumana Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, pakhomo pa amalume a mtsikana. Panabwera nduna imodzi ya anyakwawa. Amayi a kuchitsime aja sanaitanidwe, koma anadzaza mphasa, ndipo ulendo uno ndinakondwa kuwaona, chifukwa makutu awo ndi amene ankafunika. Mnyamata ananjuta, mawu akunjenjemera.

"Njinga ndinatenga ndekha pa buleki. Iye sankadziwa. Sitinayambe tachezapo, ngakhale m'kalasi. Ndalama ija inali ya limu."

Amalume a mtsikana anamufunsa mafunso ambiri, onse a njinga. Unadutsa njira iti? Ngalande yake iti? Munali angati? Ndikuganiza kuti ankafuna kumugwira bodza. Atalephera, anakhala nthawi akukanda pansi ndi kamtengo. Tonse tinkadikira. Sanapepese kwa mphwawo. Ndani anaonapo malume akupepesa mwana pagulu? Anangotembenuka pang'ono n'kunena kuti, "Iwe, mawa udzuke msanga, upope tayala lakutsogolo."

Ndi pomwe zinathera. Panalibe kuomba m'manja, panalibe kugwirana chanza. Funso la kukhululuka linafika pamilomo panga, ndinalibweza.

Mtsikana analemba mayeso. Mnyamata ujanso analemba. Sanalankhulanenso mpaka anasiyana, ndipo mphunzitsi mnzanga wina anati ndiye kuti bwalo lako linalephera. Ine ndikuti ayi. Dzina lake linayera, sukulu anabwerera. Kukhululuka ndi chuma chake, adzapereka akadzafuna, kapena osapereka.

Chimene chimandisowetsabe mtendere ndi chubu chija. Ndinawauza ahedi, ndipo tsiku lina ndinacheza ndi amalume aja patokha, kuwauza zimene lamulo likunena tsopano. Anandimvetsera mwaulemu n'kundipatsa tomato. Wamkulu amene anamenya mwana wosalakwa sanakhale pa mpando wa wolakwa, amene anakhalapo ndi mwana mnzake yekha. Sindikhutira ndi mmene ndinaisiyira mbali imeneyo.

## Amene amakhala kumapeto kwa mphasa

Nditabwerera ku mutu woyamba uja, ndinachita manyazi. Ndinayesa kukumbukira bwino bwalo la kwathu ku Katete, osati lija ndinalikometsa pofuna kusangalatsa ondiphunzitsa. Ndani ankakhala pamipando? Amuna akuluakulu. Amayi pamphasa. Ana kumapeto, ngati aloledwa n'komwe. Mwana akalakwiridwa, womulankhulira ndi malume wake, ndipo mbuzi ikalipidwa imalowa m'khola la malume yemweyo. Cholinga cha bwalo ndi mtendere wa mudzi, kuti mawa anthu athe kupemphana moto. Ndi cholinga chabwino, ndipo makhoti a m'tauni alibe nzeru imeneyo. Koma mtendere wa mudzi nthawi zambiri amaulipira ndi wamng'ono, pomeza mawu ake.

Tikalitenga bwalo limenelo n'kuliika m'sukulu osalisintha, timawonjezeranso mphamvu ya mphunzitsi pamwamba pa mphamvu ya akulu. Mwana amene taphunzitsa kuyambira Giredi 1 kuyankha kuti "inde aphunzitsi" sangasinthe tsiku limodzi chifukwa mipando taiika mozungulira.

Pali milandu ina imene siyenera kufika pa mipando imeneyo n'komwe. Munthu akagona ndi mwana wosakwana zaka 16, lamulo lathu limati zaka zosachepera 15 m'ndende, ndipo njira yake ndi ya ku Victim Support Unit ku polisi. Tonse tamvapo nkhani zotere zikutha ndi mbuzi ziwiri ndi mawu akuti tisachititsane manyazi pachibale. Ndikamaphunzitsa aphunzitsi anzanga za kukhalirana pansi, ndimayambira pamenepa, chifukwa ndaona mmene mawu okoma akuti kuyanjanitsa amasandukira bulangete lofunditsa zonyansa.

## Ana akafunsana okha

Timapepala ta mafunso tija ndinatimanga ndi mphira n'kutiponya pansi pa kabati. Tonse tinkanena kuti ana akhutira kwambiri. Tinkayeza ulemu wa ana athu, osati chilungamo.

Chaka chotsatira ndinayamba mwina. Ndinapempha chilolezo kwa ahedi ndi ku ofesi ya DEBS yoyang'anira maphunziro m'boma lathu, ndinalembera makolo makalata m'Chinyanja, ndipo ana 12 odzipereka okha anakhala ofufuza anzanga. Mafunso anapanga okha, m'chilankhulo chawo cha pa buleki. Langa lakuti "Kodi chilango chimakuthandizani kusintha khalidwe?" analiseka mpaka misozi. M'malo mwake analemba kuti, "Unalangidwapo pa chinthu chimene sunachite? Unauza ndani?" Ankafunsana pansi pa mitengo ine kulibe, osalemba maina, ndipo Lachisanu lililonse tinkakumana kuti andiuze zimene amva, ndi kundikonza ndikamva molakwika.

Zimene anabweretsa sizinandikomere. Ana ambiri anati bola chikoti. Wina anati chikoti chimapweteka mphindi zisanu, bwalo limapweteka temu yonse, chifukwa ukatuluka m'chipinda muja sukulu yonse imadziwa kuti unagwada ukulira. Ndinakumbukira John Braithwaite wa ku Australia, amene mu 1989 anasiyanitsa manyazi amitundu iwiri: ena amadzudzula chimene wachita koma n'kukubwezera pakati pa anzako, ena amakumata dzina loipa mpaka kalekale. Ine ndinkaganiza kuti ndikupereka oyambawo. Ana anandiuza kuti chipinda changa chili ndi zenera lopanda galasi, ndipo kunja kwake kumakhala makutu.

Anandiuzanso kuti milandu yambiri ya kuba m'zikwama ndi ya chakudya, mbatata yophika kapena chimanga chokazinga, ndipo obawo ndi amene amabwera osadya. Anati mawu a pulifekiti amalemera kuposa a mwana wamba ngakhale pulifekitiyo akunama. Anati atsikana amakhululuka msanga chifukwa wokana amatchedwa wamwano.

Amene amafuna kuti ndiwauze kuti njira imeneyi ndi mankhwala a zonse ndimawakhumudwitsa. Ku Pittsburgh, ku America, bungwe la kafukufuku la RAND linatsatira sukulu 44, theka zikugwiritsa ntchito njirayi, theka ayi, ndipo lipoti lawo la 2018 linapeza kuti masiku amene ana ankataya chifukwa cha sasipenshoni anatsika ndi 16 peresenti, koma zotsatira za maphunziro a ana a Giredi 6 mpaka 8 zinatsikanso. Kumeneko n'kumene kuli ndalama ndi alangizi olembedwa ntchito. Kuno mlandu umodzi wa njinga unandidyera Loweruka, Lamlungu, mapiriyodi angapo ndi mafuta a m'thumba mwanga. Mphunzitsi wa ana 80 akandiuza kuti alibe nthawi imeneyo, sindimutsutsa.

Komabe sindinasiye, ndinangosintha kachitidwe. Masiku ano wolakwiridwa ndimayamba kumuona yekha, osati m'ofesi, koma tikuyenda kapena tikusanja mabuku, manja akugwira kanthu monga anandiphunzitsira ambuya aja. Funso langa loyamba limakhala lakuti, "Kunyumba anati chiyani?" chifukwa ndinaphunzira kuti bala lenileni nthawi zambiri lili kumeneko. Womukhalira pafupi amasankha yekha, ndipo akapanda kubwera munthuyo, sitiyamba. Akati sakufuna kukumana ndi womulakwira, sitikumana. Mawu akuti "wakhululuka?" ndinawachotsa m'kamwa mwanga. Pazenera paja ndinakhomapo katoni. Ndipo m'kope sindilemba kanthu mpaka patapita masabata awiri, nditamufunsanso.

## Funso limene latsala

Pa Lachisanu lomaliza, mmodzi mwa ofufuza anga, kamnyamata ka Giredi 8 kosachedwa kuseka, kanaimika dzanja ngati tili m'kalasi.

"Aphunzitsi, pali funso lina limene anzathu amatifunsa ifeyo, ndiye sitinalilembe."

"Nena."

"Akuti, nanga aphunzitsi akatitukwana, kapena akatimenya pa zimene sitinachite, bwalo lake limakhala kuti?"

Anzake anayang'ana pansi, ena akubisa kumwetulira. Ndinawauza kuti ndikalipereka kwa aphunzitsi anzanga, ndipo ndinalipereka. Ulendo woyamba sitafu rumu yonse inaseka, wina anati kenako ana adzatipatsa CP. Ulendo wachiwiri linaikidwa kumapeto kwa ajenda, nthawi inatha tikukangana za zopereka za maliro. Temu ino ndalilembetsanso, lili pa nambala 9.